Eyakoni ya ku fakitale musaizule

Anzanga a geni ndi madalaivala, makamaka inu mukugula Sprinter kapena Crafter yonyamula katundu kuno ku Joni kuti muikemo mipando isanduke basi, tamvani. Yanga ndinakasinthitsa ku Wynberg, ku Sandton. Amakaniko ankati tizule eyakoni yobwera ndi galimoto, tiike yaikulu yapadenga. Ndinakana.

Zoona, ya ku fakitale anaipangira anthu atatu akutsogolo, mphepo yake siifika kumbuyo. Koma amakaniko a kwathu amaidziwa, ndipo gasi wake wa R134a amathira ku Harare ndi ku Blantyre komwe. Yapadenga imafuna kuboola denga. Akamata molakwika, mvula ikabwera wonyowa ndi katundu wa makasitomala.

Ndinasiya yakutsogolo, n'kuwonjezera ina kumbuyo, ya kompresa ndi kondensa yakeyake. Ina ikafa, inzake imagwirabe. Ku Tete mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo mayi wa khanda sangadikire sipeya yochokera ku Sandton.

Musaiwalenso kuti zonse ziwiri zimadalira injini. Mukazimitsa pamzere wa ku Beitbridge, chokupulumutsani ndi mawindo. Auzeni aike otsegula, osati magalasi omata.