Atsikana Anayi a ku Lusaka

Ife a sukulu ya akulu kuno ku Insaca timaphunzira masana, pansi pa mtengo wa mango. Usiku ambiri a ife tilibe nyali yokwanira kuwerengera.

Tsiku lina aphunzitsi athu anabwera ndi foni. Anatiwonetsa kanema wa makatuni wochedwa Supa Team 4. Kanemayu anatuluka pa Netflix m'caka ca 2023. Anamupeka ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Cigawo coyamba cili ndi nkhani 8. Tinaziwona zonse, titaunjikana pa foni imodzi. Mawu ake ndi a Cingerezi, ndiye aphunzitsi ankatimasulira.

Nkhani imacitika mu mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Muli atsikana anayi a ku sekondale: Komana, Monde, Temwe ndi Zee. Mayi wina wacikulire, Mama K, amene kale anali kazitape, akuwaitana kuti ateteze mzinda. Masana ali m'kalasi. Zikavuta amavala zobisa nkhope, nathamangira kukamenyana ndi adani. Mama K ali ndi mbuzi yake, Chomps, ndipo mbuziyo inatiseketsa kwambiri. Zathu sitizilola kuyandikira mbale.

Ndewu zake sitinazisamale kwenikweni. Adani ambiri amabwera lero, mawa agonja. Cimene cinatigwira mtima ndi nkhani ya magetsi. Mu mzindamo magetsi amazimazima. Pali munthu wolemera, Lee Magedzee, mwini kampani ya magetsi. Amavala bwino, amalankhula mokoma, ndipo anthu amamuwombera m'manja. Pambuyo pake tikuzindikira kuti mdani wamkulu, Bad Magz, ndi yemweyo.

Komana ndi mtsikana wanzeru, wokonda kupanga makina. Iye ankamulemekeza bamboyu, naika ciyembekezo ca maphunziro ake pa iye. Apa m'pamene kalasi yathu inagawikana.

Amayi ena anati, "Mwanayu ndi wopusa. Sanawone bwanji?"

Agogo ena, amene amakhala cete masiku onse, anayankha kuti, "Inu mukanawona? Munthu akabwera pakhomo panu ndi yunifomu ndi makope a mwana, mumamufunsa kuti ndalama wazitenga kuti? Simumupatsa mpando?"

Tonse tinangoti zii. Tikuwadziwa atsikana amene anayamba kulipiriridwa sukulu ndi munthu wacifundo, caka cisanathe ali ndi pakati. Ena anapita ku Cuamba ndi lonjezo la sukulu, nakathera kukolopa m'nyumba za eni. Makolo awo sanali oipa mtima. Enanso anapatsidwa pepala, nadinda cala osadziwa zolembedwamo. Ena mwa makolowo ndife.

Mu kanema, Komana ali ndi anzake atatu ndi Mama K. Akagwa, alipo omudzutsa. Tinafunsana kuti mwana wa kuno akazindikira kuti womuthandiza uja wasintha, angauze yani. Ena anati amayi ake. Ena anaseka, nati amayi akewo ndi amene adya shuga wa munthuyo.

Sitinagwirizane tsiku limenelo. Dzuwa linapendeka, foni nayo inatha moto. Mawa lake agogo aja anabwera ndi pepala lopindapinda m'nsalu. Linali locokera kwa bambo wina wofuna kutenga mdzukulu wawo kupita naye ku tauni. Anakana kuti aphunzitsi awawerengere. Anati awathandize pokha pamene akakamira. Mzere woyamba unawatengera theka la ola.