Ku Waite, kumene nsabwe amaziweta dala

Mukachoka pakati pa mzinda wa Adelaide, ku South Australia, n'kulowera kummwera makilomita pafupifupi 7, mumafika ku Urrbrae, m'tsinde mwa mapiri. Malowa anali a mlimi wankhosa wolemera, Peter Waite, amene anawasiyira University of Adelaide, ndipo kafukufuku wa zaulimi anayambika pano mu 1924. Nyumba yake yakale ikadali chilili pakati pa mitengo, koma ndinangoidutsa. Chimene ndinadzera ndi lucerne, mbewu ya ziweto yomwe ku America amaitcha alfalfa, ya masamba atatuatatu ndi maluwa ofiirira, ya banja limodzi ndi nyemba.

Tinayambira kunkhokwe ya mbewu, Australian Pastures Genebank. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo, koma chitseko chitatseguka mphepo yake inandilowa mpaka m'mafupa: njere amayamba aziumitsa, kenako n'kuzisunga pa madigiri 20 pansi pa ziro. Pamashelefu pali timapaketi tomata bwino, kalikonse ndi nambala yake, ndipo mitundu ya msipu yosungidwa muno ndi yoposa 70,000. Anandithirira njere za lucerne pachikhatho. Ndi tating'ono kwambiri, tachikasu, moti kilogalamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 400,000. Zina zinatoledwa ku Iran ndi m'mayiko oyandikana nawo, kumene mbewuyi inachokera. Zina n'zamtchire, zomera m'miyala, zimene mlimi sangazicheukire n'komwe. Zimasungidwabe, chifukwa palibe amene akudziwa vuto limene lidzabwere mawa ndi chomera chimene chidzalipirire.

Alimi a kuno anaziona ndi maso. Kwa zaka zambiri pafupifupi dziko lonse linkadzala mtundu umodzi wokha, Hunter River. Unkachita bwino, ndiye panalibe wofuna wina. Mu 1977 munalowa nsabwe za m'masamba za mitundu iwiri zochokera kunja, ndipo Hunter River analibe mphamvu yolimbana nazo. Minda inayamba chikasu, masamba n'kuyoyoka, msipu n'kutha dziko lonse nthawi imodzi. Anachita kuitanitsa mwamsanga mbewu za ku America monga CUF 101, kwinaku akatswiri akupanga mitundu yawoyawo. Ntchito yambiri imene ndinaona pa Waite mizu yake ili m'tsoka limenelo.

N'chifukwa chake m'nyumba ya magalasi nsabwe zimasamalidwa ngati ziweto. Zili ndi zomera zake zodya, zotchingidwa ndi ukonde wamaso ang'onoang'ono. Mbande za lucerne zikamera m'mathireyi, mazanamazana, amaziwaza nsabwe n'kuzisiya. Thireyi imene ndinaweramira inali yomvetsa chisoni: mizere yathunthu yafota, timitengo tapindika, masamba akunata ndi madzi amene nsabwe zimatulutsa. Koma apa ndi apo panali kambande kobiriwira, kali njo. Timeneto ndi timene amazula mosamala n'kuika m'miphika. Zotsalazo amataya. Amachitanso chimodzimodzi ndi matenda oola mizu ndi tsinde, ndiponso ndi nthaka ya asidi, kumene amayang'ana mbande imene muzu wake ukupitirirabe kukula pamene ya anzake yaima. Ndinaima nthawi yaitali pamenepo. Ntchitoyi mbali yake yaikulu ndi kutaya, ndipo pamafunika mtima wolimba kuti munthu ataye zomera 99 zimene wazilera yekha chifukwa cha chimodzi.

Chipinda chotsatira n'chokwatitsira. Duwa la lucerne lili ndi kamsampha: njuchi ikatera, kachiwalo kokhala ndi mungu kamafwamphuka n'kuimenya kumutu. Njuchi za uchi zikamenyedwa kangapo zimachenjera, zimayamba kuba timadzi cha m'mbali osatsegula duwa, ndipo ili ndi dandaulo la alimi a njere kulikonse. Muno mayi wina anali atakhala pampando, kapepala kopinda kali m'manja, akufwamphula duwa limodzilimodzi n'kusamutsa mungu kupita ku chomera china. Akamaliza amamangirira kachikwangwani. Pakapita milungu ingapo pamabwera tizikhokho topotana ngati nkhono, njere zili m'kati.

Chovuta n'chakuti lucerne safuna kukwatirana pachibale. Mukamukakamiza kudzipatsa yekha mungu, ana ake amafooka msanga ndipo njere zimachepa. Komanso chibadwa chake chili m'magulu anayi, pamene cha munthu chili m'magulu awiri, ndiye khalidwe limene mukufuna limatenga mibadwo yambiri kuti likhazikike. Choncho mtundu watsopano sutuluka mwa kholo limodzi. Amasankha makolo ambiri abwino, n'kuwasiya kuti akwatirane okhaokha m'chitchinga momwe aikamo njuchi. Zomera za m'thumba limodzi la mbewu zimafanana, koma palibe ziwiri zolingana ndendende. Kuchokera pa duwa la mayi uja kufika pathumba la m'sitolo pamadutsa zaka pafupifupi 10.

Panja pali timinda toyeserera, tating'onoting'ono, tondandalikana. Apa mpamene ndinamvetsa manambala a m'mayina a mbewu za bungwe la kafukufuku la SARDI, monga SARDI 7 ndi SARDI 10. Nambala imanena mmene mtunduwo umakulira m'nyengo yozizira. Wa nambala yaing'ono umagona, tsinde lake limabisala pansi, ndipo umakhalitsa m'munda. Wa nambala 10 umakula chaka chonse, umaphuka msanga ukadulidwa, koma umatha msanganso. Kuno mvula yambiri imagwa mu June, July ndi August, nthawi yachisanu, ndipo chilimwe chimakhala chouma gwa. Lucerne amapulumuka chifukwa cha muzu wake wolowa pansi mamita angapo. Anandizulira chomera chimodzi kuti ndione timatuza ta m'mizu, momwe mumakhala tizilombo totenga nayitulojeni mumpweya. Ndi timeneti timene timachititsa kuti masamba ake ouma akhale ndi zomanga thupi pafupifupi 20 pa 100 iliyonse popanda feteleza wa urea.

Mayeso omaliza sachitikira pano. Mbewu zimapita kuminda ya kutali, ndipo zina amazidzala m'minda yodyetseramo nkhosa kuti zikamera zidyedwe mosapumira miyezi yambirimbiri. Zopulumuka ndi zimene zinabala mtundu wa SARDI Grazer. Njere zogulitsa zambiri zimalimidwa cha ku Keith, pamsewu wopita ku Melbourne, ndipo zochuluka zimatumizidwa kunja.

Ndikuyenda m'timinda timeneti ndinkaganiza za alimi a ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe ndi ku Thyolo, amene amadalira nsenjere ndi madeya, mkaka n'kumatsika chilimwe chikafika. Mtima umafuna kungonyamula thumba la mbewu n'kubwera nalo. Koma lucerne ali ndi zofuna zake. Sakonda nthaka ya asidi, choncho pamafunika laimu. Safuna madzi odikha, ndipo njere zake zimafuna kupakidwa tizilombo take tisanadzalidwe. Ng'ombe yanjala ikadya wauwisi wambiri imafufuma mimba, ngakhale kufa kumene. Mbewu ya pa Waite inasankhidwa ndi nsabwe za kuno, chisanu cha kuno ndi nkhosa za kuno. Amene akufuna lucerne kwathu ayambe ndi timinda tating'ono, ayese mitundu ingapo nthawi imodzi, pamalo othirira, ndipo aione kwa zaka zosachepera zitatu asanauze mlimi kuti agule.