Amwenye amavula nsapato m'nyumba ya mlembi wa nkhani ya venda

Inu a mumsika wa Limbe, a ku Ndirande ndi a ku Tsoka ku Lilongwe, mukamva zoti India mumangoganiza za nsalu, mankhwala ndi masitolo a amwenye. Komatu kuli mzinda wina, Kolkata, umene mpaka 2001 unkatchedwa Calcutta, kumene anthu amavula nsapato polowa m'nyumba ya munthu amene anatchuka ndi cholembera. Eee, cholembera basi!

Kwa ife a kwa Nsabwe ku Thyolo, mzindawu ndi wachibale ndithu. Tiyi wambiri amene amayi athu amathyola m'maesiteti, dengu lili kumsana, ndi wa mtundu wa Assam wochokera ku India konko. Kwathu anayamba kumudzala mu 1908, pamene ku Kolkata malonda ake anali atazika kale mizu. Mmodzi mwa amene anaponyamo ndalama mu 1839 anali Dwarkanath Tagore, mpondamatiki wa malasha ndi sitima zapamadzi. Mdzukulu wake, Rabindranath Tagore, ndiye mwini nkhani lero.

Nyumbayo amaitcha Jorasanko Thakur Bari. Kuti muipeze mumadzera msewu wa Rabindra Sarani, pafupi ndi chimsika chapikulitsa cha Burrabazar. Abale, phokoso la mu Limbe tsiku la malipiro ndi masewera. Mahutala, ngolo zokokedwa ndi anthu, onyamula mabelo pamutu, ogulitsa tiyi wamkaka m'timakapu tadothi, onse msewu umodzi. Koma kungolowa pageti, zii! Chinyumba chofiira cha mazenera obiriwira, chimene makolo ake anayamba kumanga mu 1784, chili phee pakati pa kapinga.

Nsapato ndinazisiya pansi pa masitepe monga anzanga onse. Tagore anabadwira m'nyumba imeneyi pa 7 May 1861, ndipo anamwalirira momwemo pa 7 August 1941 ali ndi zaka 80. Chipinda chimene anatsirizikira anachisunga, ndipo anthu amafikapo mwakachetechete ngati pa siwa. M'zipinda zina muli zovala zake zazitali zija, makalata, zithunzi zimene anajambula atakalamba, ndi za maulendo ake a ku Japan ndi ku China. Ngakhale khitchini ya mkazi wake, Mrinalini Devi, sanaigwetse. Kuyambira mu 1962 pamalopa palinso yunivesite ya Rabindra Bharati.

Mwina mukufunsa kuti mkuluyu anachita chiyani? Mu 1913 anapata mphoto ya Nobel chifukwa cha ndakatulo za m'buku la Gitanjali, woyamba wa ku Asia kuilandira. Nyimbo za fuko za India ndi Bangladesh, zonse ziwiri, mawu ake ndi a iyeyu. Angerezi anamupatsa ulemu wa "Sir" mu 1915, chaka chimene kuno John Chilembwe anadzambatuka. Koma asilikali awo atawombera anthu mazanamazana ku Amritsar mu 1919, Tagore anawabwezera ulemu wawowo. Ife adzukulu a anthu a thangata, zimenezi sitifuna wotitanthauzira.

Koma chimene ndakutengerani inu ndi ichi. Mu 1892 mwana wa mabwana ameneyu analemba nkhani yotchedwa Kabuliwala, ya venda mnzanu. Rahmat anali wa ku Afghanistan, woyenda khomo ndi khomo mu Calcutta ndi thumba la zipatso zouma ndi nsalu, wopereka katundu pangongole. Anazolowerana ndi kamtsikana kena, Mini, chifukwa kankamukumbutsa mwana wake amene anamusiya kumudzi. Tsiku lina kasitomala anakana ngongole, mkangano unabuka, Rahmat anamubaya ndi mpeni nkukalowa kundende zaka zambiri. Potuluka anapeza Mini akukwatiwa tsiku lomwelo, atamuiwala. Apo mpamene anatulutsa kapepala kothaitha kokhala ndi chidindo cha dzanja la mwana wake. Bambo a Mini anachepetsa za phwando nkumupatsa ndalama yobwerera kwawo.

Ndani mwa inu sadziwa kuwawa kwa ngongole yokanidwa? Ndani sanasiyepo mwana kwa agogo ake ku Thekerani kapena ku Ntcheu nkubwera m'tauni kudzasaka ya ufa? Mlembiyu anaona munthu pamene ena amangoona thumba la malonda. Nchifukwa chake mpaka lero ana asukulu ku Bengal amaiwerenga nkhaniyi, ndipo anaipangira mafilimu.

Tsono tibwere kwathu. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linapata mphoto mu 1933, ndiponso Mbiri ya Achewa. John Gwengwe anatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe. Ambiri a ife tinakhoza nawo mayeso mabuku amenewa. Nanga ndani angatiloze tebulo limene ankalembera? Mwana wa kwa Nsabwe akafuna kuona dzanja la Ntara papepala, akwere minibasi yopita kuti?

A boma ndi a zachikhalidwe, funso limenelo ndi lanu, ndipo musatiuze zoti ndalama palibe. Chipinda chimodzi, kabati yagalasi ndi mlonda sizingafike pa mtengo wa galimoto imodzi ya nduna. Alendo akamabwera, wogulitsa nthochi ndi mandasi pageti nayenso adyapo, monga amadyera mavenda a pa Rabindra Sarani.

Inunso amalonda muli ndi mbali yanu. Munthu akakubweretserani mabuku akale kuti muzikulungira usipa kapena tchipisi, yambani mwaona chikuto. Mukapeza dzina la Ntara kapena Gwengwe, musang'ambe. Pititsani kunyumba, ana akawerenge.