Galimoto yothamanga izidziwanso kuima

Achinyamata akaona galimoto yakale ya ku America, funso lawo limakhala limodzi: imathamanga bwanji? Ndagwira umakaniko kwa zaka zingapo pa galaja ina kuno ku Johannesburg, koma wofunsa kuti imaima bwanji sindinakumane naye. Chonsecho moyo wa munthu uli pa funso lachiwirili.

Chaka chatha bambo wina wachikulire anabwera ndi Ford Mustang ya 1966, ya injini ya V8 ija amati 289. Penti waliwali, ikalira mpaka pachifuwa kunjenjemera. Ankafuna kuipereka kwa mwana wawo wamkazi, yemwe anaphunzirira kuyendetsa pa ka Polo. Iwo anangoti tisinthe oyilo ndi mapulagi basi. Nditachotsa tayala lakutsogolo ndinapeza mabuleki a drum, momwe anachokera kufakitale. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Drum ili ngati poto wachitsulo wozungulira limodzi ndi tayala. Mukaponda buleki, tizitsulo tiwiri topindika timakhuza m'kati mwa potoyo. Vuto ndi lakuti kutentha kumasowa kothawira. Poto akatentha amafutukuka, tizitsulo tija timayamba kuterereka, inu n'kumaponda mpaka pansi galimoto ikupitabe. Amene munatsikapo mapiri a ku Chikwawa pa minibasi yodzaza, fungo lake mumalidziwa. Disc ndi mbale ya pamtetete, caliper imaifinya uku ndi uku ngati pulayala, mphepo n'kumaiziziritsa. Jaguar inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1953 ndi mabuleki otere. Timayambira kutsogolo chifukwa galimoto ikamaima kulemera kwake kumatsamira komweko.

Chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali master cylinder, kathanki kamene kamakankha mafuta a mabuleki. Ya 1966 ili ndi chipinda chimodzi chodyetsa matayala onse anayi. Payipi imodzi ikaphulika, mabuleki onse apita. Mustang za 1967 zinabwera ndi zipinda ziwiri kuti mbali ina ikafa inzake igwire.

"Bambo, galimoto yanu ili bwinobwino," ndinatero, "koma phazi la mwana wanu linazolowera mabuleki a masiku ano."

Nkhope inasintha. "Mwana wanga, galimoto imeneyi ndaisunga zaka zonsezi osasintha ngakhale bawuti. Lero ufuna undiikire zachilendo?"

Mfundo yawo inali yomveka. Osonkhanitsa magalimoto akale amalipira zambiri pa galimoto yosasinthidwa. Ndinawafotokozera kuti Ford yomweyo inkagulitsa Mustang ya ma disc kutsogolo kuyambira 1965 kwa wofuna kuwonjezera ndalama, ma caliper ake opangidwa ndi Kelsey-Hayes. Ndinalonjezanso kuti sitidula kapena kuwotcherera chilichonse, zonse zikhala zomanga ndi mabawuti. Anachoka osayankha. Patatha sabata anabweranso, n'kuika makiyi patebulo. Akuti anayesa kuiimitsa mwadzidzidzi potsika Munro Drive, akuganiza kuti pachiwongolero pali mwana wawo.

Ntchitoyo inanditengera masiku awiri. Ndinayamba ndanyowetsa fumbi la m'ma drum, poti mabuleki akale ambiri anali ndi asbestos, yemwe amawononga mapapo. Fumbi limenelo osaliuzira ndi kompuresa ayi. Kenako ndinamanga chitsulo chogwira caliper, ma disc, mabering'i atsopano ndi mapayipi a labala. Ndinayesa kaye ngati marimu a mainchesi 14 sakukhuza caliper, chifukwa ena a nthawi ya drum amakana.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi apa: amasintha zakutayala n'kusiya master cylinder yakale. Ya drum ili ndi kavavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapayipi. Pa disc kavavu kameneka kamachititsa kuti mapadi azikhuzabe mwachotsa phazi, mpaka kupsa. Ndinaika ya zipinda ziwiri, ndi vavu ina yochepetsa mphamvu yopita ku ma drum akumbuyo kuti matayala akumbuyo asamathamangire kuloka. Pochotsa mpweya m'mapayipi tinayambira tayala lakutali ndi master cylinder, mnzanga akupopa ine ndikutsegula. Pomaliza ndinaizungulitsa pa msewu wopanda anthu, kuthamanga n'kuchepetsa kangapo, kuti mapadi ndi ma disc zizolowerane.

Zitsulo zakale ndinazipukuta, kuzipaka oyilo, n'kuziika m'bokosi lolembedwa kumanja ndi kumanzere. Wodzafuna kuibwezera mwakale adzazipeza.

Tsiku lodzaitenga anabwera awiri. Mtsikanayo anaiyendetsa mpaka pa maloboti, anaponda kamodzi, galimoto inaima chilili osakokera mbali. Bambo aja anali pampando wa pambali, bokosi lija ataliika kubuti. Injini sitinaiwonjezere mphamvu ngakhale pang'ono, koma akuti masiku ano galimotoyo imatuluka Lamlungu lililonse, adzukulu ali kumbuyo.