Botolo la zitsamba linatsala pang'ono kutilanda azakhali

Abale anga a mumsika, amene anawagulira azakhali botolo lija ndine. Wogulitsa ankati limatsuka magazi, ine osakaika n'komwe, n'kupereka ndalama. Azakhaliwo amagulitsa tomato, ndipo m'mawa uliwonse amamwa mapiritsi a BP. Patangotha sabata anayamba kumva chizungulire, tsiku lina n'kugwa pabenchi pomwepo, tomato yense mbwee!

Kuchipatala adokotala anandifunsa kuti, "Kupatula mapiritsiwa, akumwanso chiyani?" Manyazi anandigwira.

Anandifotokozera kuti m'chiwindi ndi m'matumbo muli tinthu totchedwa ma enzyme, tomwe timaphwanya mankhwala kuti atuluke m'thupi. Enzyme wodziwika kwambiri ndi CYP3A4. Zomera zina zimamulepheretsa kugwira ntchito, ndiye mankhwala amangounjikana m'magazi. Piritsi limodzi limakhala ngati wamwa angapo, BP n'kutsikiratu.

Si nkhambakamwa ayi. Mu 1989 ofufuza a ku Canada anapeza kuti madzi a manyumwa amachulukitsa m'magazi mankhwala a BP otchedwa felodipine. Kapu imodzi yokha imatha kusokoneza enzyme ameneyu mpaka masiku atatu. Komatu manyumwa ndi chipatso chabe chomwe timachidziwa tonse. Nanga kuli bwanji botolo lomwe sanalembepo n'komwe zimene aikamo?

Sindikunyoza zitsamba, tonsefe tinakulira zomwezo. Koma ngati muli pa mapiritsi a BP, ma ARV kapena ena aliwonse, auzeni adokotala zonse zimene mukumwa, osabisa.

Azakhali anachira, anabwerera pabenchi pawo. Botolo lija ndinakakhuthula ndekha m'ngalande.