Ng'oma za Agogo ndi ndalama zathu zochepa

Ife tinakulira m'nyimbo zopanda ng'oma. Ku sekondale ya mpingo kumene tinaphunzira, kwaya inkaimba ndi mawu okha, ndipo tikafuna kusunga nyimbo tinkangoika foni pa benchi, basi zatheka. Choncho aphunzitsi athu kuno ku koleji atatiuza kuti gulu lililonse likonze chida chophunzitsira ana nyimbo zachikhalidwe mu phunziro la Expressive Arts, tinaganiza kuti ntchitoyo ndi ya Lamlungu limodzi. Tinalipo anayi, atatu a ife ochokera ku Mulanje, ndipo tinagwirizana msanga kuti tikajambule ng'oma za tchopa.

Tchopa ndi gule wa Alhomwe, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa padziko lonse. Ambiri amamuonera ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mwezi wa October, koma ife tinali ndi mwayi woposa pamenepo. Agogo aamuna a mmodzi wa ife, amene tonse timangowatcha Agogo, akhala akuimba ng'oma za guleyu kuyambira ali mnyamata. Tsopano manja awo ayamba kunjenjemera, ndipo namondwe wa Freddy atawononga m'boma lathu mu March 2023, ng'oma yawo imodzi inapita ndi madzi. Anasema ina, koma mwa adzukulu onse panalibe amene anakhala nawo pansi kuti aphunzire kaimbidwe kake.

Tinapita pa holide ndi foni, tinajambula mphindi khumi, kenako tinamvetsera. Zimene zinatuluka zinali zochititsa manyazi. Ng'oma yaikulu inkamveka ngati munthu akumenya chidebe, ndipo zing'onozing'ono ziwiri zinasakanikirana moti sunkatha kudziwa kuti iyi ikuyankha iti. Agogo anamvetsera pang'ono n'kutibwezera foni, amvekere, “Ana inu, ameneyu si ine.”

Pambuyo pake tinamvetsa chimene chinachitika. Kamaikolofoni ka foni anakapangira mawu a munthu wolankhula pafupi. Ng'oma ikagunda, mawu ake amabwera mwadzidzidzi ndiponso mwamphamvu, ndiye kamaikolofoniko kamadzaza ndipo mawu amasweka. Foni imayesanso kudzichepetsera yokha phokoso likachuluka, n'kudzikwezera kukakhala bata, motero kugunda kofewa ndi kugunda kolimba kumamveka kofanana. Koma luso la Agogo lili pa kusiyanitsa kumeneko.

Tinasonkha ndalama zimene tinapeza pa maganyu a holide ndi pogulitsa zinanazi, n'kuyamba kufufuza. Chiyambire pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja wakwera mtengo kwambiri, ndiye ndalama zathu zinkangokwana chinthu chimodzi. Njira zinalipo zitatu. Yoyamba inali maikolofoni ya mtundu wa dynamic, monga Shure SM57, imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito pa ng'oma kuyambira mu 1965 chifukwa imapirira phokoso lalikulu ndipo siichedwa kuzolowera nkhanza. Yachiwiri inali maikolofoni ya condenser, imene imamva zinthu zambiri zing'onozing'ono koma imafuna mphamvu ya mavoti 48 kuchokera ku kabokosi kotchedwa audio interface. Njira ziwirizi zonse zimafuna kabokosi kameneko, chingwe cha XLR ndi laputopu. Yachitatu inali kachipangizo kojambulira kogwira m'manja, kokhala ndi mamaikolofoni ake awiri, koyendera mabatire.

Apa m'pamene tinalakwitsa. Mu shopu ina ku Limbe tinapeza maikolofoni yolembedwa SM57 pa mtengo wotsika modabwitsa, ndipo m'malo modabwa tinasangalala. Titaiyesa kwa mnzathu wina amene amayang'anira zokuzira mawu kumpingo kwawo, anaiika pafupi ndi yeniyeni. Yathu inali yopepuka, ndipo mawu ake anali owonda ngati a wailesi yotha mabatire. Inali yachinyengo. Gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zathu linapita choncho, ndipo tinakwera minibasi yobwerera ku Chitakale aliyense akuyang'ana pawindo lake.

Kutaya ndalamako kunatikakamiza kufunsa mafunso amene tikanayamba nawo. Kodi tikajambulira kuti? Kwa Agogo kulibe magetsi, ndipo laputopu yokhayo imene tinali nayo batire lake limatha pasanathe ola. Kodi ng'oma ndi zingati? Zitatu, ndipo maikolofoni imodzi ya dynamic yoikidwa pafupi ndi ng'oma imodzi ikanasiya zinazo kutali. Tinawerenganso za Hugh Tracey, amene m'zaka za m'ma 1950 anayenda m'dziko muno, nthawi imeneyo likutchedwa Nyasaland, kujambula nyimbo za m'midzi, ndipo mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku South Africa. Zimene anajambula zikumvedwabe lero, chonsecho analibe chipinda chotsekedwa bwino kapena mamaikolofoni khumi. Tinaona kuti funso lalikulu linali la poimika maikolofoni ndi nthawi yojambulira.

Tinasankha njira yachitatu. Achimwene a mmodzi wa ife amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatipezera Zoom H1n yogwiritsidwapo kale ntchito, anationjezera ndalama imene inaperewera, n'kuitumiza ndi munthu wobwera pa basi. Imayendera mabatire awiri a AAA, imasunga mawu pa kakhadi ka microSD, ndipo ili ndi kagudumu kochepetsera kapena kukwezera mphamvu ya mawu olowa. Ndalama yotsala tinagulira mabatire, khadi ndi mahedifoni. Pokonza mawu tinagwiritsa ntchito pulogalamu ya Audacity, imene ndi yaulere.

Tisananyamuke, nkhani inafika kwa mkulu wa mpingo wathu kumudzi, ndipo anatiitana Sabata litatha. Sanatikalipire. Anati, “Ana anga, kodi mukudziwa kuti tchopa ankavinidwanso popereka nsembe kwa mizimu mvula ikavuta?” Anatikumbutsanso za msonkhano wa misasa wa ku Indiana mu 1900, kumene phokoso la zoimbira, kuphatikizapo ng'oma, linasokoneza chipembedzo mpaka mayi Ellen White analemba chenjezo. Tinalibe yankho lachangu, chifukwa zimene ankanena zinali zoona. Tinawauza kuti, “Bambo, sitikufuna kubweretsa ng'omazi m'kachisi. Tikupita kukaphunzitsa ana amene silabasi ikuti adziwe magule a kwawo, ndipo tikapanda kuwadziwa ife, tidzawaphunzitsa zabodza.” Anakhala chete, kenako anati tikaphunzitse zonse, osabisa chiyambi cha guleyo ndiponso osabisa chimene ife timakhulupirira. Sitinganene kuti tinagwirizana pa zonse, ndipo mwa ife anayi mmodzi adakali ndi nkhawa mpaka lero, koma malangizo amenewo tinawatenga.

Tsiku lojambula linali Lamlungu la mu July. Tinakonza chipinda cha kwa Agogo monga tinaonera pa intaneti: mabulangete pakhoma, matiresi pakhomo, mphasa pansi. Titayesa, mawu anali oyera koma ouma, ndipo Agogo anati ng'oma yatsekeredwa ngati nkhuku m'dengu. Malata a denga ankanjenjemeranso ng'oma yaikulu ikagunda. Tinatulutsa zonse n'kupita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kutali ndi msewu wa mathirakitala a ku esiteti ya tiyi.

Kumeneko tinakumana ndi vuto limene palibe kanema wa pa YouTube anatichenjeza. Kunali chiperoni, phiri lonse litabisika m'nkhungu, ndipo chinyezi chinafewetsa zikopa moti ng'oma zinkalira mogontha. Ife tinayamba kupotokola kagudumu ka pa chipangizo, koma Agogo anangotuma mwana kukatenga udzu wouma. Anakoleza moto, anawamba ng'oma iliyonse akuigogoda ndi chala mpaka mawu ake atakwera pamene ankafuna, ndipo pa yaikulu anakonza phula la pakati kuti izilira mozama. Pakatha nyimbo ziwiri kapena zitatu tinkaima kuti awambenso. Palibe chimene tinagula chimene chinasintha mawu ngati mmene unachitira moto wa udzu umenewo.

Kwa amene angafune kuchita zofanana, zimene zinatithandiza ndi izi. Tinamangirira chipangizocho pa nsungwi, pamtunda wofika pachifuwa, pafupifupi mamita awiri kuchokera pa ng'oma, yaikulu ili pakati. Tinachiveka siponji chifukwa cha mphepo. Tinapempha Agogo kuti agunde mwamphamvu zawo zonse, n'kuchepetsa kagudumu mpaka mawu amphamvu kwambiri azifika cha pa -12 dB, chifukwa mawu otsika ungawakweze pa kompyuta koma osweka sungawakonze. Tinasunga mu WAV, osati MP3. Pomaliza tinajambulanso ng'oma iliyonse payokha, kuti mwana m'kalasi azimva gawo limodzi asanamve zonse pamodzi, ndipo tinapempha Agogo kuti afotokoze m'Chilhomwe ndi m'Chichewa ntchito ya ng'oma iliyonse.

Madzulo tinawaveka mahedifoni. Anatseka maso, zala zawo zikugunda pa bondo, ndipo patapita kanthawi anaseka n'kuloza mphwawo amene ankaimba ng'oma yachiwiri: “Iwe, apa unachedwa kulowa.” Titamva zimenezo tinadziwa kuti chipangizo chathu chagwira zoona, popeza chinagwira ngakhale cholakwa.

Mawuwo tawasunga m'malo atatu, ndipo khadi limodzi tinasiya kwa Agogo pamodzi ndi kawailesi kowerenga makhadi. Teremu ikubwerayi tikupita kukayeserera kuphunzitsa, ndipo tidzawaimbira ana a Sitandade 6. Mdzukulu wina wa Agogo, mnyamata wa zaka 12 amene ankakoleza moto tsiku lija, akuti tsopano amamvetsera gawo la ng'oma yaing'ono madzulo n'kumayeserera pa chigubu. Maikolofoni yachinyengo ija tidakali nayo m'chipinda chathu, ndipo aliyense wa chaka choyamba amene abwera kudzafunsa za zida zojambulira timayamba tamugwiritsa imeneyo.