Kogona kotchipa pa Dedza: funsani za bulangete musanafunse za TV

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, magulu onse a pa WhatsApp amayamba nyimbo imodzi: tipite kunyanja. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, limadzadza Senga Bay, Mangochi ndi Cape Maclear, moti amene sanasungitse malo amangozungulira ndi zikwama kumsana. Chipinda chomwe mu Juni mukanagonamo mosadandaula chimakhala chakwera mtengo ngati achiika golide. Ine kutentha kukafika pamenepo ndimalowera kwina, ku Dedza, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe mumsewu wa M1. Tawuniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, palibe tawuni ina m'Malawi muno yokwera kuposa pamenepa, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Anzanu akuvutika ndi thukuta ku Salima, inu madzulo mukufunafuna juzi.

Koma musaganize kuti poti anthu athamangira kunyanja ndiye kuti pa Dedza zipinda zangoti mbwee. Malo ogona pano amadzadza motsata kalendala yakeyake, ndipo amene sakuidziwa amalipira zambiri kapena kugona pamalo poti sakanafuna.

Oyamba kudzadza maloji ndi anthu a misonkhano. Dedza ili pafupi ndi likulu, komabe ili patali mokwanira kuti mabungwe ndi maofesi azichitirako mawekishopu awo. Anthu amenewa amafika Lamulungu madzulo kapena Lolemba m'mawa, nkugona mpaka Lachinayi kapena Lachisanu, ndipo amatenga zipinda zapakatikati zija, zaukhondo koma zosaboola m'thumba, zomwe inu ndi ine timazifuna. Akangochoka, amalowa a ukwati. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanayambe, Loweruka lililonse pamakhala chinkhoswe kapena ukwati penapake, ndipo achibale ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amasungitsa zipinda mwaunyinji. Onjezerani oyendetsa mathiraki odikira zikalata pachipata cha malire ndi Mozambique, chomwe chili pafupi ndi boma. Nanga maliro a munthu wodziwika? Amenewo sachenjeza, amangodzadza tawuni yonse tsiku limodzi.

Choncho funso loyamba poimba foni si la mtengo ayi. Ine ndimayamba ndi lakuti, "Amayi, sabata ino muli ndi gulu?" Akati eya, ndimafunsa tsiku lomwe gululo likunyamuka. Mwiniloji amene gulu lamuchokera m'mawa, zipinda khumi nkutsala zopanda munthu, amamva msanga mukamanenerera kusiyana ndi amene akubweza anthu pageti. Ndipo mukanena kuti mugona masiku awiri kapena atatu, mtengo wa usiku umodzi umatha kutsika. Funsaninso ngati amawerengera chipinda kapena mutu wa munthu, chifukwa ena mukalowa awiri amawonjezera, ena ayi. Mukakhala anayi, zipinda ziwiri za mabedi awiriawiri zimatchipa kuposa aliyense kudzitengera chake.

Tsopano za chipindacho. Kunyanja munthu amayang'ana fani ndi masikito. Pa Dedza zomwe zimasiyanitsa chipinda chotchipa ndi chipinda chozunza ndi zitatu: mabulangete, madzi otentha ndi zenera lotsekeka bwino. Mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira moti nkhungu imatha kuphimba phiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo ngakhale mu Okutobala m'bandakucha mumamva kamphepo kolowera pansi pa chitseko. Chipinda cha TV yaikulu koma bulangete limodzi lopyapyala ngati chitenje, chimenecho n'chodula ngakhale atakuchotserani theka la mtengo, chifukwa mudzalipira ndi tulo.

Musapereke ndalama musanachione. Si mwano kupempha kiyi, aliyense wa resitihausi anazolowera. Lowani, tsegulani mpopi, muone ngati madzi akutuluka. Mawu akuti "self-contained" olembedwa pachikwangwani amangotanthauza kuti chimbudzi ndi bafa zili mkati, satanthauza kuti muli madzi. Malo ena ali ndi giza yomwe inafa kalekale, ikungokongoletsa khoma. Ine ndimakonda malo amene amanena chilungamo: "Achimwene, giza tilibe, koma m'mawa timaphitsa madzi pankhuni, tikubweretserani m'ndowa." Ndowa ya madzi otentha imabwera ngakhale magetsi atazima. Yesaninso soketi ndi chaja yanu, ndipo pemphani bulangete lachiwiri nthawi yomweyo, masana, amene ali ndi kiyi wa kusitolo asanaweruke.

Chinanso choti muyang'ane chili kunja kwa chipinda. Maresitihausi ambiri otchipa kwambiri amakhala kuseri kwa bala. Masana pamakhala zii, mungati ndi pamishoni. Ikakwana 9 koloko usiku, sipika imayamba, ndipo ngati ndi kumathero a mwezi imaleka atambala atalira. Ndinagonapo pamalo otere Lachisanu lina, ndipo nyimbo zonse za usiku umenewo ndimazidziwabe mpaka lero. Mukaona makireti a mabotolo ataunjikidwa pakhonde, funsani chipinda chakumapeto, kapena pitirirani ulendo. Atsikana amene mukuyenda nokha, onani loko wa mkati ndipo funsani ngati pali mlonda usiku. Kusiyana kwa mtengo pakati pa malo amenewa ndi loji yaing'ono yabata nthawi zambiri sikufika pa ndalama yoti muikire moyo pachiswe.

Malo otere mungawapeze bwanji? Intaneti ikuthandizani pang'ono chabe. Maloji akuluakulu ndi amene amaoneka pa Google ndi pa Facebook, pomwe ang'onoang'ono ambiri alibe tsamba, kapena tsamba lawo linaima zaka zapitazo ndi nambala yomwe sikugwiranso. Amene amadziwa tawuni ndi anyamata a kabaza. Amadziwa komwe kwafika gulu, komwe madzi avuta sabata ino, komwe atsegula kumene. Muuzeni ndalama yomwe muli nayo mosabisa, mugwirizane kuti akuonetseni malo atatu, inu musankhe nokha, poti ena amakhala ndi kamgwirizano kawo ndi eni malo. N'chifukwa chake kufika masana n'kofunika. Mukatsika minibasi pa M1 kutada, kuzizira kutayamba, mphamvu zonenerera mulibe, mungovomera chilichonse. Ndipo zotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kunambala yomwe mwangoiona pa Facebook, popanda munthu wodziwa malowo kukutsimikizirani, zimenezo ayi.

Dedza Pottery ili ndi zipinda zogona alendo, zabwino ndithu, koma mitengo yake si ya munthu amene wangoyamba kumene ntchito. Nzeru yanga ndi yoti muzigona m'tawuni, ku Pottery muzipitako masana: mukaone momwe amaumbira ndi kujambula makapu ndi mbale, mumwe tiyi kapena khofi ndi cheesecake yawo yotchuka ija, kenako mubwerere kuchipinda chanu. Ndalama yomwe mwapulumutsa ili ndi ntchito, chifukwa zokaona pa Dedza zili motalikirana ndipo zimafuna thiransipoti.

Phirilo lokha silifuna zambiri, nsapato zabwino, madzi ndi kulawirira basi. Njira imadutsa m'mapaini mpaka pamwamba pomwe pali nsanja za mawailesi ndi mafoni, ndipo kukacha bwino mumaona mpaka ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Chomwe chimadya ndalama ndi Chongoni. Derali, lomwe UNESCO inaliika pamndandanda wa malo a chikhalidwe a dziko lonse mu 2006, lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, zokhudza Nyau ndi chinamwali. Kuti mufike ku Mphunzi, Namzeze kapena Chentcherere muyenera njinga yamoto kapena galimoto, komanso munthu wa komweko wokulondolerani, amene muyenera kumuthokoza ndi kangachepe. Ine ndingalole kugona m'chipinda chopanda TV kusiyana ndi kufika pa Dedza nkubwerera osaona miyala imeneyi.

Chakudya sichivuta. Kuno ndi kwawo kwa kachewere, ndipo chipisi cha pamsika chimakhutitsa pamtengo wochepa. Ngati loji yanu ikuti mtengo ukuphatikiza kadzutsa, funsani kuti kadzutsayo ndi chiyani, chifukwa nthawi zina ndi tiyi ndi mabanzi awiri, zomwe mukanagula nokha panja.

Kwa amene mtima ukadali kunyanja, msewu wa Masasa wotsika mokhotakhota kupita ku Golomoti umakufikitsani kuchigwa. Kumeneko kuli Mua, mishoni yomwe inakhazikitsidwa mu 1902, ndi malo a chikhalidwe a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kuchokera pa Golomoti msewu umapitirira mpaka ku Monkey Bay. Mutha kugona pa Dedza masiku a chikondwerero, nkutsikira kunyanja khamu litabwerera kuntchito, mitengo itayamba kutsika. Juzi ija muivulire pa Golomoti.